Pemphani Misa, koma musaiwale a mphakati

Pepani ndi zovutazi, achemwali. Mwafunsa kuti mungawakumbukire bwanji mayi anu omwe anatisiya ali ndi zaka 91, munthu wosaphonya Misa ya Lamulungu.

Yambirani kwa bambo mfumu, mukapemphe Misa ya chikumbutso. Pamakhala kachopereka, ndipo pitani msanga chifukwa mayina amachuluka, makamaka pa 2 Novembala, tsiku lopempherera mizimu ya okhulupirira onse omwe anamwalira. Ngati mukumanga chiliza, auzeni nthawi yomweyo kuti adzachidalitse.

A mphakati ndi anzawo a mayi a bungwe la Lejio ya Maria aitaneni ndithu. Ife pa chikumbutso cha agogo athu tinkayesa ndi za pabanja pokha, koma amayi aja atafika ndi zitenje zawo zofanana anatiuza zomwe sitinkadziwa, zoti agogo ankayenda wapansi kukasambitsa odwala m'midzi yoyandikana. Adzukulu anangoti kukamwa yasa.

Kolona ya mayi anu musaibise m'sutikesi. Ya agogo athu mikanda inachita kusalala ndi zala, mtanda n'kumangidwa ndi ulusi wakuda. Tinampatsa mdzukulu yemwe ankawagwira dzanja popita kutchalitchi maso atayamba kuvuta, ndipo mu Okutobala, mwezi wa kolona, ndiye amatsogolera kolona madzulo.