Kalata ya upolisi wa khonsolo, amasaina ndani?

Mayi wina wa ku Kasungu wandilembera kuti mwana wawo walonjezedwa ntchito ya upolisi wa khonsolo, ndipo khansala wati kalatayo asaina yekha. Akufunsa ngati dzanja la khansala lili ndi mphamvu imeneyo.

Mayi, mwandikhudza pachilonda. Msuweni wanga anagulitsa mbuzi ndi chimanga chomwe chifukwa bambo wina wachipani anamuuza kuti kalata yake ili patebulo, ikungodikira bwana. Mnyamata anakasoketsa yunifolomu kwa telala, nagula nsapato zakuda pakaunjika, n'kumazipukuta m'mawa uliwonse ntchito asanaione. Kumudzi anayamba kumutchula kuti bwana ofesala, azakhali mpaka nthungululu. Kalata inabweradi, chidindo chili psuu. Atapita nayo ku ofesi anamufunsa kuti waitola kuti. Lero akupalasa kabaza.

Ife chidindo timachiopa kuposa lamulo, vuto lathu ndi limenelo. Komanso kumbukirani kuti kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linalibe makhansala. Atabwerera, anthu tinawasenzetsa zonse: bokosi la maliro, mjigo ukawonongeka, fizi, ntchito za ana. Ena mwa iwo ulemu umenewu saukana, ndipo ndikunena mosapsatira kuti khansala wolonjeza ntchito akuba, kaya walandira ndalama kaya akungosaka mavoti.

Mwina tasokonezekanso ndi mafilimu a ku America, komwe tauni imakhala ndi apolisi akeake. Kuno apolisi ndi amodzi dziko lonse, a Malawi Police Service. Mkulu wawo amasankhidwa ndi Pulezidenti, Nyumba ya Malamulo n'kuvomereza, ndipo mphamvu yolemba ena onse ili ndi Police Service Commission. Aja amathamangitsa mavenda m'misewu ndi antchito a khonsolo chabe, ngakhale ena amayenda ngati apolisi enieni. Za tomato amene amalandidwa n'kusowa komwe wapita, tidzakamba tsiku lina.

Tsono amasaina ndani?

Si khansala, si meya. Amenewo ndi andale, ntchito yawo ndi kukhazikitsa mfundo. Antchito ali pansi pa mkulu woyendetsa khonsolo ya tauni ya Kasungu, kapena DC ngati ndi khonsolo ya boma ngati ya Mchinji, ndipo maudindo akuluakulu amadzera ku Local Government Service Commission. Pitani nokha ku ofesi yoona za antchito, mayi, mukafunse ngati ntchitoyo inalengezedwa komanso ngati mwanayo adzaitanidwa ku intavyu. Musatulutse ngakhale tambala.