Masherifu alanda katundu wanga ali m'manja mwa transporter, alipire ndani?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa ku Lizulu amene amachita geni ya zofunda ndi nsapato. Akuti anatumiza mabelo atatu kuchokera ku Joni kudzera kwa transporter wina, thiraki inadutsa bwinobwino pa boda ya Dedza, msonkho analipira, koma itafika ku depoti ku Lilongwe kunabwera masherifu ndi chikalata cha khothi n'kutenga thiraki pamodzi ndi zonse zinali m'menemo, chifukwa mwini kampaniyo ali ndi ngongole. Pano akawaimbira foni amangoti "mayi, ndi khothi imeneyo, ife tilibe mlandu." Funso lawo ndi loti kodi zimenezi n'zoona?

Mayi, pepani kwambiri, mpamba wa munthu umapezeka movutikira. Koma musataye mtima, nkhani yanu ili ndi poyambira.

Malamulo athu ambiri a malonda tinatengera ku England, ndipo amati munthu ukalandira katundu wa mnzako kuti ukafikitse kwinakwake uli ndi udindo womusamala mpaka afike, akasowa kapena kuwonongeka iweyo ndi amene ufotokoze. N'zoona kuti pali zifukwa zingapo zimene zimamumasula wonyamula, ndipo kulandidwa kwa katundu ndi khothi ndi chimodzi mwa izo. Ngakhale pa sitima za panyanja, ngati zimene zimafika ku Beira kapena Nacala, malamulo otchedwa Hague Rules a chaka cha 1924 amanena momveka kuti mwini sitima sayankha mlandu katundu akalandidwa motsatira dongosolo la khothi. Malamulo amenewo ndi a panyanja osati a thiraki, koma ganizo lake ndi lomwelo, dalaivala sangalimbane ndi sherifu pa geti, ndipo sitingamudzudzule chifukwa chomvera khothi.

Koma nkhani yagona pa funso limodzi, ngongoleyo ndi ya ndani? Ikanakhala yanu mayi, kuti amene anakukongozani ndiye anapita ku khothi, ndikanakuuzani kuti transporter musiyeni alibe chifukwa. Apa ngongole ndi yake. Iyeyo ndi amene anaitana masherifu pakhomo pake posabweza ndalama za eni, ndiye sizingatheke kuti abisale kumbuyo kwa chikalata chimene chabwera chifukwa cha zochita zake zomwe. Komanso kungokhala phee osakudziwitsani tsiku lomwelo, osawauza masherifuwo kuti mabelo awa ndi a makasitomala, kumeneko ndi kulephera udindo. Zimandipweteka kuti ambiri amadalira zoti amayi a geni amaopa mawu oti khothi, akangowatchula basi munthu amabwerera kwawo akulira.

Chinanso, sherifu amaloledwa kugulitsa katundu wa munthu wangongoleyo basi, osati wa anthu ena amene wangopezeka pamalopo. Ndiye chofulumira pano si kukangana ndi transporter, ndi kupita ku ofesi ya sherifu ku Lilongwe ndi kalata yonena kuti mabelo atatuwo ndi anu, asanawagulitse pa okushoni. Amene anasumira transporter uja akakana kuti mabelowo ndi anu, nkhani imapita kwa woweruza kuti aone mwini wake ndi ndani, maloya amati interpleader. Nyamulani chilichonse, lisiti ya ku shopu ya ku Joni, kapepala kamene anakupatsani potumiza ngakhale kakhale kolemba ndi bolopeni, mapepala a MRA a pa boda, mameseji a pa WhatsApp, ndi chithunzi chija munajambula belo lili ndi dzina lanu lolembedwa ndi maka pa saka. Mapepala enieni musasiye kwa munthu, perekani mafotokope.

Kalisiti ka transporter kaja katembenuzeninso kumbuyo, ena amalemba timawu ting'onoting'ono tochepetsa ndalama zimene angalipire, ndiye loya akaone ngati timeneto tikugwira ntchito pa nkhani ngati yanuyi. Ngati ndalama ya loya palibe pitani ku Legal Aid Bureau mukafotokoze, anakhazikitsidwa chifukwa cha anthu ngati inu. Katundu akapezeka kuti anagulitsidwa kale kapena wabwera wopelewera, pamenepo ndiye mumusumire transporter akubwezereni mtengo wake. Koma kwerani minibasi mawa lomwe, musadikire tsiku la msika lidutse.