Funsani tikuyankheni: "caught", "nabbed" ndi "arrested" zimasiyana pati?

Funso: Ndili giredi 12. Aphunzitsi anandidula mamakisi nditalemba kuti "He was catched to steal maize". M'nyuzi ndimaonanso "nabbed" ndi "busted". Kodi onsewa ndi mawu amodzi?
Wophunzira, Kapata, Chipata

Yankho: Aphunzitsi anu sanakulakwireni, pakuti m'chiganizocho muli zolakwika ziwiri. Mneni "catch" salandira "-ed". Amasanduka "caught", monga mmene "teach" amasandukira "taught". Potchula, zilembo "gh" sizimveka, ndipo pa Chingerezi cha ku Britain "caught" ndi "court" amamveka chimodzimodzi. N'chifukwa chake ophunzira ambiri amawasokoneza polemba.

Cholakwika chachiwiri ndicho chimagwetsa ambiri. Munthu akagwidwa akuchita chinthu, mneni wotsatira "caught" amathera ndi "-ing": "He was caught stealing maize". Mukaika "to steal", zimamveka ngati anamugwira n'cholinga choti akabe. Akagwidwa ndi katundu m'manja, ikani "with": "caught with two bags of fertiliser". Tsono akamupezerera m'munda mwa eni, thumba lili paphewa, chimanga chongothyola kumene chili mbwee pansi, pamenepo mpamene amati "caught red-handed". Mawuwa anachokera m'malamulo akale a ku Scotland, ponena za munthu wopezeka magazi adakali m'manja.

Musaganize kuti paliponse pali "caught" pali mlandu. "I caught a cold" ndi kudwala chimfine, "I caught the bus to Lundazi" ndi kuipeza basi isananyamuke n'kukwera, "the roof caught fire" ndi denga kugwira moto.

"Nabbed" amafanana ndi kunjata kwathu kuja, ndipo atolankhani amawakonda pa mitu ya nkhani poti ndi afupi. "Busted" ndi a pamacheza, ndipo amatanthauzanso chinthu chothyoka kapena chowonongeka. Pa mayeso ndi m'kalata ya ntchito awiriwa asiyeni.

Funso: Mlamu wanga anamugwira ndi katundu wopanda mapepala. Tamva kuti ali "arrested and charged", ndipo kumudzi anthu ayamba kale kunena kuti wapezeka wolakwa. N'zoona?
Mayi wa geni, Katete

Yankho: Ayi mayi, mlandu sunathe. Mawu amenewa ali ndi masitepe, ndipo kuwasokoneza kumaipitsa mbiri ya munthu pachabe. "Caught" amangonena kuti wagwidwa. Ngakhale mlonda kapena mwini munda angathe kumugwira. "Detained" ndi kusungidwa m'chitokosi. Kuno ku Zambia apolisi akamafunsa munthu woganiziridwa amalemba "warn and caution statement", atamuchenjeza kuti zimene anene zingathe kukakhala umboni kukhoti. "Arrested" ndi kumangidwa mwalamulo, ndipo "charged" ndi kuuzidwa mlandu weniweni umene akayankhe.

Mpaka pamenepo iye ndi "suspect" kapena "accused", woganiziridwa kapena woimbidwa mlandu basi. Ndime 18 ya malamulo aakulu a dziko lino imati munthu ndi wosalakwa kufikira atapezeka wolakwa kapena atavomera yekha mlanduwo. Khoti likamupeza wolakwa amati "convicted", likamupeza wosalakwa amati "acquitted". Polemba samalani timawu totsatira: "arrested for", "charged with", "convicted of".

Chofunika msanga kwa inu ndi mawu ena awiri. "Police bond" ndi chilolezo choti munthu atuluke m'chitokosi podikira mlandu, chimene amapereka apolisi mlandu usanafike kukhoti, ndipo salipiritsa ndalama. Kawirikawiri amafuna anthu omuimira okhala ndi malo odziwika, atanyamula ziphaso zawo za NRC. "Bail", imene timati belo, imaperekedwa ndi khoti. Pali milandu ina ikuluikulu, monga yakupha munthu, imene salola belo. Mukapita kupolisi funsani dzina la mlandu monga walembedwera pa pepala, mulikopere chimodzimodzi, ndipo ngati ndalama za loya palibe, kaonaneni ndi a Legal Aid Board ku Chipata.