Nkhani ya filimu ndili nayo, koma ndilembe bwanji?

FUNSO: Amalume, ine ndimakhala ku Ulongwe kuno ku Angónia, ndakula ndikuonera mafilimu mu timanyumba ta vidiyo tapamsika, omasulira mChichewa aja. Pano ndili ndi nkhani yanga ya mayi wogulitsa mbatatesi amene amuna ake anapita ku migodi ya malasha ku Moatize osabweranso. Koma ndikalemba ikumangotuluka ngati buku basi. Kodi ya filimu amailemba bwanji? Komanso anzanga akuti kuonera mafilimu akale nkutaya nthawi, nzoona?

YANKHO: Mphwanga, nkhani yakoyo ndi yabwino kwambiri ndipo usaisiye chonde. Vuto ndi limodzi, ukulemba zamumtima mwa mayiyo pomwe kamera siona mumtima, imangojambula zooneka ndi zomveka basi. Ukalemba kuti "mayi anali ndi nkhawa poganiza za amuna awo" wojambula agwira chani pamenepo? Koma lemba kuti mayi akuwerenga ma meticais atatu ali pansalu, akuyang'ana paketi ya shuga, akuibweza, kenako chapa, minibasi ija, yochokera ku Moatize ikuima nde iwo akuimirira msangamsanga kuyang'ana otsika mmodzimmodzi mpaka womaliza, nkukhalanso pansi. Palibe wayankhula koma woonera aliyense wamva kuwawa kwake.

Kalembedwe kake sikovuta. Chochitika chilichonse uyambe ndi mzere wonena ngati ndi panja kapena mkati, malo ake ndi nthawi, monga PANJA, MSIKA WA ULONGWE, MMAWA. Pansi pake zochitika, uzilemba ngati zikuchitika pompano. Dzina la woyankhula pakati mu zilembo zazikulu, mawu ake pansi. Tsamba limodzi limakhala ngati mineti imodzi ya filimu, nde yamba ndi masamba 5 kaya 10 oti mutha kujambula ndi foni, za maola awiri zidikire kaye. Ndipo mayiyo akhale ndi chomwe akufuna ndi chomwe chikumutsekereza, popanda izi nkhani siyenda.

Za anzakozo ayi sindikuvomereza ngakhale pang'ono. Abale awiri a Lumière anaonetsa kanema kwa anthu olipira ku Paris mu 1895, ndipo kwa zaka zoposa 30 mafilimu analibe mawu, anthu ankaseka ndi kulira ndi zithunzi zokha, chomwe iwe ukusowacho ndi chimenechi. Onerako amodzi pa YouTube, ngakhale mamineti 10, uone mmene nkhope ndi manja zimafotokozera.

Ndiye zimandikhudza kuti achinyamata ambiri sadziwa zakwathu konkuno. Dziko lathu la Mozambique litangolandira ufulu mu 1975 boma linakhazikitsa bungwe loona za mafilimu lotchedwa Instituto Nacional de Cinema, ndipo mu 1978 kunayamba Kuxa Kanema, timafilimu tatifupi ta nkhani tomwe ankationetsa mmaholo komanso kuyenda nato pagalimoto mpaka kumidzi, anthu ena kanema woyamba anamuonera pamenepo. Akatswiri a mafilimu akunja ngati Jean Rouch ndi Jean-Luc Godard anabwera ku Maputo nthawi imeneyo. Mu 1991 nyumba ya bungweli inapsa ndi moto, zinali zomvetsa chisoni. Koma ntchito sinafe, mu 2016 a Licínio Azevedo anatulutsa filimu ya sitima yochoka ku Nampula nthawi ya nkhondo, anthu atanyamula mchere kukasinthitsa ndi shuga ku Malawi, imeneyo uifunefune chifukwa anthu ake ndi ofanana ndi mayi wakoyo.

Sabata ino lemba chochitika cha pamsika chija, masamba awiri, woyankhula asapitirire mizere itatu, ukamaliza unditumizire ndichiwerenge.