Nati ya habu yakutsogolo pa galimoto zakale: mphamvu zambiri zimaononga

Wophunzira wina wa umakaniko wa chaka chachiwiri watifunsa kuti: "Pa mayeso a ntchito yamanja anandipatsa galimoto yakale kuti ndibwezeretse habu yakutsogolo. Nati ndinaimanga mpaka inakana kuyenda, koma aphunzitsi anandilepheretsa. Ndinalakwitsa pati?"

Aphunzitsi anu sanakulakwireni. Galimoto zakale zambiri zokoka ndi mawilo akumbuyo zili ndi maberingi awiri osongoka mu habu iliyonse yakutsogolo (chitsulo chimene wilo limamangidwapo), otchedwa taper roller, ndipo amenewa safuna kupanidwa. Mukamanga kwambiri, gilizi amafinyika n'kuthawa, chitsulo chimakhulana ndi chitsulo chinzake mpaka kupsa n'kusanduka chabuluu, ndipo beringi ikhoza kugwira galimoto ili pa liwiro. Mukasiyanso nati yosamangika bwino, wilo limagwedera ndipo tayala limadyeka mosalingana.

Kwezani galimoto ndi jeke, muikhazike pa zochirikizira zolimba, osadalira jeke yokha. Ikani gilizi pachikhatho, muzikanikizirapo beringi mpaka gilizi atulukire mbali inayo. Kungopaka pamwamba sikukwanira. Mukabwezeretsa maberingi ndi habu m'malo mwake, lowetsani washala, kalilime kake kalowe mumpata wake. Kenako mangani nati pang'onopang'ono ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, uku mukuzunguza wilo, kufika pakati pa 20 ndi 30 Nm (muyeso wa mphamvuyo). Cholinga apa n'kukhazika maberingi m'malo mwawo basi. Masulani nati mpaka ifewe, ndiyeno muimangenso ndi zala zokha.

Ophunzira ambiri amagwa pa pini, kachitsulo kamene kamadutsa pakati pa mano a nati n'kulowa pabowo kuti nati isamasuke. Mano a nati akapanda kuyang'anana ndi bowo, bwezani nati m'mbuyo pang'ono, osapitiriza kumanga. Pini ikhale yatsopano nthawi zonse, chifukwa yakale imathyoka pomwe inapindidwa kale. Mukayeza ndi dial gauge, chipangizo choyezera kusuntha kochepa kwambiri, habu iyenera kusuntha mamilimita 0.03 mpaka 0.12 mukaikoka ndi kuikankha. Mukagwira tayala pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza, muzingomva kusuntha pang'ono kwambiri, osati kugogoda.

Komatu njira imeneyi si ya galimoto iliyonse, ndipo apa m'pamene mmisiri amadziwikira. Galimoto ya MGB ili ndi kachitsulo kotalikitsa maberingi ndi timapepala tachitsulo totchedwa shim. Pamenepo nati imamangidwa zolimba, ndipo mpata umachokera ku makulidwe a timapepalato. Mini yakale ya mabuleki a disc imakoka ndi mawilo akutsogolo, nati yake imafika pafupifupi 200 Nm, ndipo bowo la pini mumalipeza pomanga kupita patsogolo. Pa Volkswagen Beetle, nati ya wilo lakumanzere imamangidwa mozungulira chakumanzere. Mukaiwala zimenezi mudzaononga mazinga ake.

Choncho musanagwire sipanala, tsegulani buku la galimotoyo muone mtundu wa beringi ndi manambala ake. Eni galimoto zakale amafuna makaniko woyeza, chifukwa zipangizo zina zikaonongeka n'zovuta kuzipeza. Pemphani aphunzitsi akupatseni habu yakale yoyeserera, muimange ndi kuimasula kangapo, mukuyeza ndi dial gauge nthawi iliyonse mpaka zala zanu zizolowere mpata woyenera. Mukamaliza ntchito yeniyeni, yendetsani galimoto makilomita ochepa osaponda buleki kwambiri, kenako mugwire habu mosamala. Ikangofunda, zili bwino. Ikamawotcha dzanja, kwezaninso galimoto, muchotse pini, muyambirenso.