Tifunseni: timagetsi toyenda kumwamba usiku ku Chigwa cha Shire

FUNSO: Akulu a tsamba lino, ine ndili ku Ngabu ndiye mukudziwa kutentha kwa kuno, mwezi wa Okutobala sitigona mnyumba timangoyala mphasa pabwalo. Tsiku lina mdima ukungoyamba tinaona timagetsi tambiri tili pamzere umodzi tikuyenda mwakachetechete kulowera mbali ya mapiri a Thyolo, tinawerenga mpaka 20 kenako tinangozima pakati pa thambo. Mwana wanga akuti ndi ma UFO (zinthu zouluka zosadziwika) a ma alien, zamoyo za kunja kwa dziko lapansi, amene amaonera pa TikTok koma anthu pamudzi pano akuti ndi ndege za afiti ndipo ayamba kale kuloza chala agogo ena amene amakhala okha kufupi ndi dimba. Zoona zake ndi ziti? Mayi wodabwa, Ngabu.

YANKHO: Mayi, maso anu sanakunamizeni ayi, zimene munaonazo zilipodi ndipo anthu aziona mmayiko ambiri. Mmene mwafotokozeramu, mzere umodzi, opanda phokoso, osaphethira, nthawi ya chisisira, amenewo ndi ma satelayiti a Starlink a kampani ya SpaceX ya Elon Musk, omwewa amene akubweretsa intaneti ya kambale koyera kamene mwayamba kukaona pamadenga a maofesi ena ndi ma lodge. Gulu loyamba la ma satelayiti 60 analiponya mu Meyi 2019 ndipo kuno ku Malawi intaneti yake inayamba kugwira ntchito mu 2023. Roketi imodzi imanyamula ambiri nthawi imodzi nde ikawasiya kumwambako amayenda motsogozana kwa masiku angapo asanabalalike nkukwera kufika pa makilomita pafupifupi 500 pomwe amagwirira ntchito, ndiye inuyo munawapeza adakali pamzere.

Alibe nyali ayi. Kuwala kuja ndi dzuwa, inu pansi pano lalowa kale koma iwo poti ali pamwamba kwambiri likuwaombabe, nchifukwa chake amaoneka madzulo kapena mbandakucha basi. Ndipo kuzima kuja kumene kunakuopsani kwambiri ndi pamene alowa mu mthunzi wa dziko, amakhala akupitabe koma palibe chowaunikira. Muuzeni mwana wanuyo aike pulogalamu ya Stellarium mu foni kapena atsegule webusayiti ya Heavens-Above, aikemo Ngabu, aona yekha nthawi imene ma satelayiti adutse, kuphatikizapo International Space Station imene imawala kuposa onse ndipo imazungulira dziko mu mphindi pafupifupi 90 ili ndi anthu mkatimo.

Komanso kumwamba kwa Chikwawa ndi Nsanje masiku ano kuli zambiri, ma drone akhala akunyamula mankhwala kupita kuzipatala zakutali ndi kujambula madzi osefukira, ndege zazikulu zimadutsa zikuphethira zofiira ndi zobiriwira, ndiye pali Nthanda imene ikawala pafupi ndi phiri munthu umalumbira kuti ikukutsatira.

Tsono nkhani imene yandiwawa mu kalata yanu ndi ya agogowo. Chonde mayi, musadikire. Pitani kwa amfumu mawa lomwe, muwaonetse tsamba lino, ngati nkotheka mwana wanuyo apeze tsiku limene zidutsenso anthu adzaonere limodzi pabwalo atauzidwiratu ola lake. Zikapitirira kauzeni apolisi, lamulo la Witchcraft Act la 1911 likugwirabe ntchito ndipo amene amapalamula ndi wonena mnzake kuti ndi mfiti. Tonse tikukumbukira 2017 mphekesera za anamapopa zitafalikira ku Mulanje, Phalombe, Thyolo mpaka Nsanje, anthu osalakwa anaphedwa chifukwa cha nkhani zongomva, ndipo agogo okhala okha alibe owateteza, gulu likakwiya usiku umodzi wokha ndi wokwanira.

FUNSO: Ine ndili Fomu 3 ku Nchalo. Mu gulu lathu la WhatsApp mukuzungulira vidiyo yoti boma la America lavomera kuti ma alien alipo ndipo anagwa ku Roswell matupi awo akusungidwa. Aphunzitsi a Physics akuti ndi bodza koma ine ndaona vidiyo ya asilikali ndi maso angawa. Ndani akunama? Mnyamata wa ku Nchalo.

YANKHO: Achimwene, vidiyo ya asilikaliyo ndi yeniyeni koma mawu amene anthu amaikapo pamwamba ndi amene ali owonjezera. Mu Epulo 2020 Pentagon, likulu la asilikali a America, inatulutsa mavidiyo atatu ojambulidwa ndi oyendetsa ndege zankhondo, imodzi ya 2004 ziwiri za 2015, ndipo chimene inavomera nchoti mavidiyowo ndi awodi komanso zinthu zili mmenemo sizinadziwike. Mu Juni 2021 panatuluka lipoti la nkhani 144, imodzi yokha ndi imene anaizindikira motsimikiza kuti inali baluni ikuphwa, zinazo anati umboni wake ndi wochepa. Nde apa ndi pamene anthu amalumphira kuti eee ndiye kuti ndi ma alien, pomwe kadontho kotuwa pa kamera ya ndege yothamanga kakhoza kukhala baluni, drone, ndege ina yakutali kapena vuto la kamera yomweyo. Mu 2023 David Grusch, yemwe anagwirapo ntchito za ukazitape, anauza aphungu a ku America kuti boma likubisa zombo ndi matupi koma iye mwini ananena kuti zimenezi anachita kuuzidwa ndi ena, ndipo mu Malichi 2024 ofesi ya AARO imene boma la America linaikhazikitsa kuti ifufuze nkhanizi inati sinapeze umboni uliwonse wa zombo zochokera kunja kwa dziko. NASA, bungwe la America loona zakuthambo, nayo mu lipoti lake la Seputembala 2023 inati palibe umboni woti zinthuzi ndi zakunja kwa dziko.

Za Roswell ndi zakale, mu 1947 mlimi wina ku New Mexico anatola zidutswa za labala, timitengo ndi zonyezimira, asilikali poyamba analengeza kuti apeza mbale youluka kenako anasintha nkunena kuti ndi baluni ya zanyengo. Kubisa kunalipodi, pamenepo anthu sakulakwa kukayikira, koma chimene ankabisa chinatuluka mu 1994, anali ma baluni achinsinsi a Project Mogul omvetsera ngati Soviet Union ikuphulitsa mabomba a nyukiliya. Nkhani ya matupi inatchuka patapita zaka zoposa 30 anthu atayamba kulemba mabuku ndi kupanga mafilimu, ndipo lero tauni ya Roswell imadyera pomwepo, muli myuziyamu ndi chikondwerero chaka chilichonse. Chaka chomwecho cha 1947 ndi chimene Kenneth Arnold, woyendetsa ndege, ananena kuti waona zinthu 9 zikuuluka pafupi ndi phiri la Mount Rainier ku America komweko, manyuzi anaigwira nkhaniyo ndipo patangopita masabata ochepa anthu mazanamazana anali ataonanso zawo. Kenako asilikali a ndege anasonkhanitsa malipoti 12,618 mpaka pamene anatseka kafukufuku wawo wa Project Blue Book mu 1969, otsala osadziwika anali 701, ambiri mwa enawo anali zinthu ngati nyenyezi, ndege, ma baluni ndi mitambo.

Ine sindikukuletsa kukhulupirira kuti kwina kwake kuli zamoyo, akatswiri enieni akufufuza zimenezo ndi ma telesikopu ndipo ndingakondwe utadzakhala mmodzi wa iwo. Koma taganizira mtunda wake, nyenyezi yapafupi kwambiri ndi dzuwa lathu, Proxima Centauri, kuwala kwake kumatenga zaka zoposa 4 kuti kufike kuno, ndipo chombo cha Voyager 1 chimene chinanyamuka mu 1977 chikuthamanga makilomita 17 pa sekondi chingafune zaka zoposa 70,000 kuti chiyende mtunda ngati umenewo. Aphunzitsi akowo usawataye, katenge manambalawa mukawerengere limodzi.

FUNSO: Ndine mphunzitsi wa pulayimale ku Bangula. Ndinamva kuti ku Zimbabwe ana a sukulu yonse anaona chombo chikutera ndi tianthu ta maso akuluakulu. Ana ochuluka chonchi anganame onse? Mphunzitsi, Bangula.

YANKHO: Aphunzitsi, nkhaniyo ndi ya sukulu ya Ariel ku Ruwa, kufupi ndi Harare, pa 16 Seputembala 1994. Sinali sukulu yonse koma ana pafupifupi 62 amene ananena kuti pa buleki ya mmawa anaona chinthu chonyezimira chitatera kutchire kuseri kwa bwalo ndi tianthu tovala zakuda, aphunzitsi onse anali mu miting mkati nde palibe wamkulu amene anaona. Ine sindikhulupirira kuti anawo anapangana bodza, ambiri akula ndipo akunenabe zomwezo ndi mtima wonse. Koma inu mukuwadziwa ana kuposa ine, mmodzi akakuwa kuti njoka kalasi yonse imakhala yaiona njokayo mpaka kutchula mtundu wake.

Chimene mavidiyo ambiri satchula nchoti masiku awiri izi zisanachitike anthu mmayiko a kummwera kwa Africa anaona moto waukulu ukudutsa kumwamba usiku, chinali chidutswa cha roketi ya Russia chikupsa pobwerera, ndipo wailesi ndi manyuzi ku Zimbabwe zinadzaza ndi nkhani za ma UFO sabata imeneyo. Cynthia Hind amene anafika msanga kudzafufuza anali kale wokhulupirira za ma UFO ndipo ankafunsa anawo pagulu wina akumva zimene mnzake akunena, pomwe John Mack, dokotala wa zamaganizo wa ku Harvard, anabwera patapita miyezi iwiri nkhani itapsa kale pasukulupo. Chithunzi cha kamera palibe, chitsulo chotsala palibe, zilipo ndi zojambula za anawo. Ndiye zoterezi zikadzachitika pasukulu yanu muwapatule anawo msangamsanga aliyense ajambule ndi kulemba payekha asanakambirane, mulembe ola, mbali imene chinachokera ndi nthawi imene chinatenga.

FUNSO: Tikuwedza usiku ku Elephant Marsh tinaona moto wobiriwira ukugwa ndi mchira wautali. Titakapeza pamene wagwera tingatole? Msodzi, Chiromo.

YANKHO: Bambo, nthawi zambiri zimenezi zimapsera kumwamba makilomita ambirimbiri ngakhale zimaoneka ngati zagwera kutsidya kwa bango. Ngati unadutsa mwa masekondi ochepa unali mwala wakuthambo, ngati unkayenda pang'onopang'ono ukuthethekathetheka chinali chitsulo cha roketi kapena satelayiti. Zina zimafikadi pansi, ku Machinga mu 1981 kunagwa mwala wolemera makilogalamu oposa 90, ndipo ku Kenya mmudzi wa Mukuku kunagwa chimkombero chachitsulo cha makilogalamu pafupifupi 500 mu Disembala 2024. Mwala ulibe vuto koma chitsulo musachigwire kapena kupita nacho kwa ogula zitsulo zakale chifukwa mafuta a roketi ena ndi poizoni, chijambuleni ndi foni muli patali, ana asayandikire, ndiye muuze amfumu ndi apolisi, iwo adziwitse a Geological Survey ku Zomba.