Kwa achimwene a ku Salima omwe akukonzekera mayeso a Security+, a za chitetezo cha makompyuta (cybersecurity)

Achimwene, mwafunsa zinthu zitatu: laputopu yoyenera kugula, njira yoloweza mawu a cybersecurity omwe akukusokonezani, komanso ngati kuli kwanzeru kugula mafunso a mayeso omwe anthu amagulitsa pa WhatsApp. Za laputopu ndisiyira ena. Ine ndiyankha ziwiri zinazo, chifukwa ndinadutsamo ndili kuno ku Nkhotakota ndipo ndinatayapo ndalama zambiri.

Mafunso ogulawo, omwe amawatchula kuti ma dumps, musawagule ngakhale wogulitsayo atalumbira motani. Ine ndinatumizira munthu wina ndalama pafupifupi K40,000, iye nkunditumizira mafunso mazanamazana pamodzi ndi mayankho ake, ndipo ndinawaloweza kwa miyezi iwiri mpaka ndinkatha kutchula yankho ndisanamalize kuwerenga funso. Tsiku la mayeso ndinazindikira kuti zomwe ndinagulazo zinali za mtundu wakale wa mayesowa, SY0-601, pomwe ine ndinkalemba SY0-701 yomwe inayamba mu Novembala 2023, ndipo nditafufuza pambuyo pake ndinapeza kuti ena mwa mayankho omwe ndinaloweza anali olakwika. Ndinalephera. Kuti munthu akhoze amafunika 750 pa sikelo yoyambira 100 kulekeza 900, mafunso amatha kufika 90 m'mphindi 90, ndipo ena mwa iwo amakupatsani vuto loti mulikonze, monga kuika malamulo a firewall (mlonda wosefa zolowa ndi zotuluka pa netiweki) m'dongosolo loyenera, kotero kuloweza sikukuthandizani kanthu. Mtengo wa mayesowo ndi cha m'ma 400 madola, ndalama zoposa K600,000 ngakhale pa mtengo wa kubanki, ndipo ukalephera umalipiranso zonse. Dziwaninso kuti malamulo a CompTIA, eni ake a mayesowa, amaletsa mafunso oberawa, ndipo akakupezani angathe kukulandani satifiketi yomwe mwavutikira.

Chomwe chinandithandiza ulendo wachiwiri ndi kusiya kuloweza mawu limodzilimodzi nkuyamba kuwaphunzira awiriawiri kapena atatuatatu, makamaka aja ofanana omwe olemba mayeso amakonda kusokoneza nawo anthu, ndipo lililonse ndinkalipezera chitsanzo cha kwathu kuno. Yambani ndi threat, vulnerability ndi risk, chifukwa mawu atatuwa ali paliponse. Inu a ku Salima mukudziwa mmene mwera umavutira panyanja m'miyezi yozizira. Mwerawo ndiye threat, chinthu chomwe chingathe kuwononga. Mng'alu womwe uli pansi pa bwato ndiye vulnerability, kufooka komwe kuli mwa inu eni. Risk ndi kuthekera koti mwerawo upeze bwato long'alukalo pakati pa nyanja, kuphatikizapo kukula kwa zomwe zingatayike likamira. Mwera simungauletse, koma mng'alu mungaumate, ndipo kumatako ndi kumene amakutcha patching akamanena za mapulogalamu a pakompyuta. Mng'alu womwe ngakhale wosema bwatolo sanaudziwe, koma akuba audziwa kale, ndiwo zero-day.

Za CIA triad, kutanthauza confidentiality, integrity ndi availability, ambiri amazitchula, koma amangolemba mawu atatuwo osawamasulira. Ganizirani buku la banki m'khonde. Confidentiality ndi yakuti ngongole ya mayi uje isadziwike kwa anthu omwe sali m'gulumo. Integrity ndi yakuti pasapezeke munthu wosintha K5,000 kukhala K50,000 usiku popanda wodziwa. Availability ndi yakuti bukulo lipezeke tsiku logawana, osati mlembi wapita nalo ku Dwangwa. Funso likafotokoza kuti tsamba la kampani lasiya kutseguka chifukwa makompyuta ambirimbiri akulithira mauthenga nthawi imodzi, imeneyo ndi DDoS, ndipo chomwe chawonongeka ndi availability, ngakhale kuti palibe chinsinsi chomwe chabedwa. Mafunso ambiri amabwera mwa njira yotereyi: amakufotokozerani nkhani, inu muzindikire dzina lake.

Pomwe ine ndinagwera kwambiri ndi pa authentication ndi authorization, komanso pa hashing ndi encryption. Mlonda wa pageti akayang'ana chiphaso chanu cha unzika kuti atsimikize kuti ndinudi, imeneyo ndi authentication. Akakuuzani kuti mukhoza kulowa muofesi ya kutsogolo koma osati mosungira ndalama, imeneyo ndi authorization. Pa multifactor authentication, kutsimikizira kuti ndinudi ndi njira ziwiri kapena kuposerapo, samalani msampha uwu: password ndi PIN zonse ndi zinthu zomwe mumazidziwa m'mutu, choncho kuziphatikiza sikupanga njira ziwiri. Pamafunika china cha mtundu wina, monga foni yomwe muli nayo m'manja kapena chidindo cha chala chanu. Encryption ili ngati kutsekera katundu m'bokosi, woti ali ndi kiyi amatsegula nkumupeza mmene analili, ndipo njira yotchedwa AES imagwiritsa kiyi mmodzi kutseka ndi kutsegula pomwe RSA imagwiritsa makiyi awiri, wapoyera ndi wachinsinsi. Hashing ili ngati kugayitsa chimanga, ufa sungabwererenso kukhala njere. Nchifukwa chake SHA-256, yomwe ndi njira ya hashing, imagwiritsidwa ntchito potsimikiza kuti fayilo sinasinthidwe, osati pobisa uthenga womwe wina adzafune kuwerenga. Funso ili ndinalilakwa ulendo woyamba chifukwa pepala logula lija linkati hashing ndi mtundu wa encryption.

Ena savuta. Pa zida zolondera netiweki, IDS ndi mlonda amene amangoliza wenzulo akaona wakuba, IPS ndi mlonda amene amamugwira. Uthenga uja tonse timalandira woti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi" ndiwo smishing, akakuimbirani foni nkudzitcha wogwira ntchito kukampani ya mafoni kuti muwapatse PIN ya Mpamba kapena Airtel Money ndiyo vishing, ndipo zikabwera pa imelo ndiyo phishing. Zitatuzi zili pansi pa social engineering, kupusitsa munthu kuti apereke yekha chinsinsi kapena ndalama. Manambala a ma port, makomo omwe mauthenga amadzera pakompyuta, okhawo ndiwo muyenera kuloweza ndithu: 22 ndi ya SSH, 23 ndi ya Telnet yomwe sibisa kanthu, 53 ya DNS, 80 ya HTTP, 443 ya HTTPS ndipo 3389 ya RDP. Ine ndinawalemba pakapepala nkumata pachitseko.

Amene akulangizani kuti muyambe ndi kuika Kali Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yokhala ndi zida zoyesera chitetezo, kuti muphunzire hacking sindikugwirizana nawo, ngakhale ndikudziwa kuti akufunirani zabwino. Munthu amene sanamvetse maziko a netiweki monga IP address, subnet ndi DNS amangokopera malamulo a pakompyuta pa YouTube osadziwa chomwe akuchita, ndipo akayesera pa Wi-Fi ya loji ya ku Senga Bay popanda chilolezo waphwanya lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016. Ngati za network simunazigwire bwino, werengani kaye zomwe zili mu Network+, maphunziro a CompTIA a za netiweki, ngakhale musalembe mayeso ake.

Zowerenga zabwino zilipo zaulere. Tsitsani mndandanda wa exam objectives, mitu yomwe imabwera pamayeso, patsamba la CompTIA lenileni, ndipo onetsetsani nambala ya mayeso musanagule buku lililonse, chifukwa amawasintha pafupifupi zaka zitatu zilizonse. Mu SY0-701 gawo lalikulu ndi Security Operations, lomwe limatenga 28 pa 100 ya mafunso, choncho musathere nthawi yonse pa mitu yoyambirira. Mavidiyo a Professor Messer, mphunzitsi wa pa YouTube, amatsata mndandandawo mutu ndi mutu, ndipo ine ndinkawatsitsa usiku bandulo ikakhala yotsikirako mtengo.

Mayesowa amalembedwa kudzera ku kampani yolembetsa mayeso ya Pearson VUE, ndipo amalola kulembera kunyumba pa intaneti, koma ineyo sindingakulangizeni kutero. Magetsi akathima kapena netiweki ikaduka pakati pa mayeso, mtima sungakhalenso m'malo ngakhale mutalumikizananso. Inu muli pafupi ndi Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, choncho yang'anani patsamba lawo malo olembera, mupite dzulo lake mukagone komweko, ndipo muonetsetse kuti dzina lomwe munalembetsa likufanana ndendende ndi lomwe lili pa chiphaso chanu. Nkhani yolipira m'madola muikonze ndi banki yanu kudakali milungu ingapo musanasankhe tsiku lolemba.